Nyama Pansi pa Bonongwe

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anawapeza ndi khansa ya pulositeti matenda atafika kale m'mafupa. Pulositeti ndi kachiwalo ka amuna kamene kamakhala pansi pa chikhodzodzo, ndipo ine ndinafika pokhala ndi zidzukulu ndisanamvepo dzina lake. Ndinalimva koyamba m'kachipinda ka dokotala, tsiku limene ine ndi amuna anga tinaitanidwa monga achibale, alamuwo ali gone kuwodi.

Dokotalayo anali mayi wochepa thupi, wosazungulira polankhula. Atatha kufotokoza za alamu, anatembenukira kwa amuna anga n'kuwafunsa chimene chinapha bambo awo. Iwo anati ukalamba. Ine ndinati ayi, apongozi anavutika chaka chathunthu mkodzo ukukana kutuluka, msana ukuwawa, anthu kumudzi n'kumati anawalodza pa nkhani ya dimba. Amuna anga anandiponyera diso lija lakuti tikaonana kunyumba, koma mawu anali atatuluka kale.

"Ndiye bambo, inunso muyezetse," anatero dokotala. "Matendawa amakonda kutsata magazi. Akamayamba sapweteka, munthu umangoyenda bwinobwino. Tikawapeza msanga timathandiza."

Kenako anawayang'ana pamimba n'kufunsa zimene amadya. Ananena mosabisa kuti palibe chakudya chimene angalumbire kuti chimatchinga khansayi, poti ngakhale akatswiri sanagwirizane pa zonse. Koma kunenepa kwambiri, nyama yonona tsiku ndi tsiku, masoseji ndi zinzake, iye sangazivomereze kwa mwamuna amene bambo ake ndi mkulu wake adwala chonchi. Anatchula masamba, nyemba, tomato, nsomba, ndi kuyenda pansi. Pomaliza anabwereza kuti chachikulu n'kuyezetsa, zakudyazo zimangothandizira.

Amuna anga anavomera zonse, eee adokotala, zikomo adokotala. Titangolowa m'galimoto anati, "Ine mwana wamkazi ameneyu sangandivule buluku." Anzawo anali atawauza kuti poyeza amalowetsa chala, ndiye kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Ndinalongolola njira yonse mpaka pageti pathu ku Area 47. Ndinalongolola mawa lake, ndi mkuja wake. Ndinanyengerera, ndinaopseza kuti ndiuza abusa, ndinalira. Munthu uja amangotsegula nyuzipepala.

Muwamvetse amuna angawa. Anakulira kumudzi cha ku Mitundu, m'banja la ana ambiri, ndiwo zake nkhwani wopanda mafuta, nthawi zina wopanda ndi mchere womwe. Atayamba ntchito m'boma ku Capital Hill analumbira kuti masamba adya okwana moyo wonse. Ndipo lumbiro limenelo analisunga kuposa ena onse amene anachitapo. M'mawa soseji ndi mazira, masana nyama ya ng'ombe, Loweruka kanyenya pa Bwandilo ndi anzawo, mang'ina akapezeka ndiye chikondwerero. Masamba ndikaika patebulo ankawakankhira kwa ine n'kumati, "Idyani mayi, ine si mbuzi." Atapuma pantchito mimba ija inangokulirakulira, lamba n'kumamangira m'munsi.

Ine mantha anali atandigwira zenizeni. Ndinali nditaona alamu anga, munthu amene ankadzaza khomo, akutembenuzidwa pabedi ndi anamwino awiri. Ndinkati ndikayang'ana amuna anga akutafuna, ndinkaona bedi lomwe lija. Kuwakokera kuchipatala sindikanatha, ndi munthu wamkulu. Koma khitchini ndi yanga. Ndinamanga chitenje n'kunena mumtima kuti ngati akana dokotala, mphika sadzaukana.

Ndinayamba ndi kapinga. Kuseri kwa nyumba amuna anga anali ndi kapinga wawo wonyadira, wothirira ngakhale mwezi wa Okutobala. Loweruka lina ali ku Bwandilo ndinatenga khasu n'kugaula chigawo chonse cha kumpanda. Ndinafesa bonongwe, mpiru ndi khwanya, ndinawokera tomato. Atabwera anaima manja m'chiuno, akuti ndasandutsa nyumba ya ku Area 47 kukhala dimba la kwa agogo. Ndinati inde, ndipo mudya. Poyembekeza kuti zanga zikule ndinkadzera kumsika ku Old Town ndikaweruka, n'kubwera ndi chisoso, luni, nyemba, usipa wouma ndi nsinjiro. Amayi ogulitsa anafika pondizolowera, akandiona patali ankayamba kundimangira.

Koma ine ndimagwira ntchito ku City Centre, ndimachoka m'mawa kubwera madzulo. Chakudya cha masana chinali m'manja mwa madala athu ophika. Madalawa ndi bambo wachikulire wochokera m'mudzi wina cha ku Chitedze, mkulu wa mpingo kwawoko, ndipo anayamba kutiphikira ana athu ali kupulayimale. Ndi munthu wosakweza mawu, wosaba ngakhale supuni ya shuga. Ndinawaitana n'kuwapatsa lamulo.

"Madala, kuyambira lero abwana asamadye nyama yofiira, soseji ayi, poloni ayi. Masamba, nyemba, nsomba. Nkhuku Lamlungu, yochotsa khungu."

"Chabwino amayi."

"Nyama imene yadzaza m'firijimo isawonongeke. Muziphika muzidya inuyo ndi alonda."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anayang'ana pansi. "Chabwino amayi."

Chifukwa chake sindinawauze. Ndikanayamba bwanji? Ine ndinaleredwa kuti za kunsi kwa mchombo kwa mwamuna wako sukamba ndi munthu, makamaka bambo wa msinkhu wa malume ako amene amakutcha amayi. Ngakhale za alamu, panyumba tinkangoti akudwala msana. Ndinaganiza kuti lamulo ndi lamulo, wantchito safunika chifukwa.

Masabata awiri oyamba inali nkhondo. Amuna anga ankadandaula kuti ndikuwapha ndi njala m'nyumba yawo yomwe, kuti ngakhale akaidi amawaganizira pa Khirisimasi. Kenako mwadzidzidzi bata. Ndikaimba foni masana kufunsa kuti mwadya chiyani, ankayankha mokoma, "Bonongwe wotendera, mayi. Koma madalawa amamutha bonongwe." Madzulo ankangodya pang'ono, akuti masana anakhuta. Ngakhale ku Bwandilo anachepetsa. Ine mtima m'malo. Ndinafika pokadzitama kwa amayi anzanga kutchalitchi kuti mwamuna amafuna kumulimbira, onani anga asiya nyama. Ena mpaka ankandifunsa nzeru.

Chinandipweteka n'chakuti masamba omwewo anawasandutsa chishango. Ndikangoyambitsa za kuyezetsa ankati, "Aaa mayi, nanga si ndikudya mankhwala anu aja? Zonse ziwiri ayi. Sankhani chimodzi." Ndipo ine, chitsiru, ndinayamba kufewa. Ndinkadziuza kuti bola akudya bwino, za chipatala tiziona pang'onopang'ono. Mawu a dokotala akuti chachikulu n'kuyezetsa ndinawakankhira kumbuyo, chifukwa kukangana ndi mphika kunali kosavuta kuposa kukangana ndi mwamuna. Inatha miyezi isanu.

Chimodzi chokha chinkandidabwitsa. Munthu wodya masamba miyezi isanu, lamba ali pabowo lomwe lija. Madala ndi amene ankaoneka kuti akutha, kolala ya shati ikuchita kulendewera.

Lachitatu lina magetsi anazima kuofesi, jenereta n'kukana kulira, ndiye anatiuza kuti tizipita. Ndinafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, osaimba foni. Ndinapeza amuna anga patebulo, manja ali mafuta okhaokha, bakuli la ndiwo lili patsogolo pawo. Atandiona anavundikira msanga.

"Mwabwera msanga bwanji, mayi?"

"Ndabwera kudzalawa bonongwe wotchuka uja."

Ndinavundukula. Pamwamba panalidi bonongwe, wobiriwira bwino, woyalidwa mosamala ngati bedi la alendo. Ndinalowetsa supuni n'kukumana ndi fupa. Pansi ponse panali nyama ya ng'ombe yonona, nthuli zikuluzikulu. Amuna anga anayamba kuseka kaseko ka manyazi, akuti iwo sanapemphe, amangozipeza, ndiye munthu ungabweze chakudya choti chafika kale patebulo? Ndinanyamula bakuli lija ulendo kukhitchini, m'makutu mukuchita kulira ndi ukali.

Madala ndinawapeza pakhonde la kuseri akudya. M'mbale mwawo munali bonongwe yekhayekha.

Ndinakalipa, ndisaname. Ndinanena zoti zaka zonsezi ndimawayesa munthu wokhulupirika, zoti andipusitsa ngati mwana, zoti ngati atopa nayo ntchito anene. Iwo anaimirira, anavula chipewa, anadikira mpaka mpweya unandithera.

"Amayi, ndalakwa. Koma ndinayesa. Tsiku loyamba ndinaphika nyama ija, ndinapakula yanga ndi ya alonda, abwana ndinawapatsa nyemba. Ndinakhala pano, fungo la nyama likulowa m'nyumba, mwini nyumba akudya nyemba. Pakhosi panakana, amayi. Ine wantchito ndidye nyama, amene anagula akumva fungo? Kwathu zimenezo ndi zotembereretsa. Alondanso anakana."

"Nanga itatha ya m'firiji?"

"Abwana ankabwera nayo, ine n'kumaphika." Anazungulitsa chipewa m'manja. "Ine ndimayesa mwayambana, ndiye mukuwalanga. Ndinati mkwiyo wa m'banja umatha, koma munthu asafooke ndi njala. Ndinkakupemphereraninso kuti mugwirizane."

Ukali wonse unandithera. Ndinakhala pansi pa sitepe, ndi zovala zanga za kuofesi. Munthuyu miyezi isanu ankadya masamba kuti abwana ake asanyozeke, akuganiza kuti akupulumutsa banja langa. Wolakwa ndinali ine. Ndinamupatsa lamulo lopanda mutu, ndinamuika pamalo oti adye nyama pamaso pa mwini nyumba, zonsezi chifukwa choopa kutchula chiwalo chimodzi.

"Madala, khalani pansi. Ndikuuzani zinthu zoti mkazi sauza bambo ngati inu, ndipo mundikhululukire."

Anakhala chapatali, kumapeto kwa sitepe, akuyang'ana ku tomato wanga. Inenso ndinayang'ana komweko. Ndinawauza zonse. Ndinati alamu sakudwala msana, ali ndi khansa imene inayambira pa kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo, ndipo madokotala anena kuti anachedwa. Ndinati apongozi anapita ndi zizindikiro zomwezo. Ndinati abwana anu akhoza kukhala nayo panopa osadziwa, akukana kukayezetsa chifukwa cha manyazi, ndipo masambawa si chilango, ndi kachinthu kokhako kamene ndinatsala nako m'manja. Mawu ankatuluka movuta, nkhope ikutentha, koma ndinamaliza. Ndinati ndikuopa kukhala wamasiye.

Madala anati, "Amayi, poti mwayamba ndinu, nanenso ndinene. Ine chaka chino n'chachiwiri, ndikapita kokataya madzi ndimaima mpaka miyendo kutopa. Amangodontha. Sindinauzepo munthu, ngakhale akazi anga. Ndimati ndi ukalamba."

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana. Munthu woti moyo wake wonse wadya masamba ndi nyemba, wowonda ngati bango. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa zimene dokotala uja ankatanthauza, kuti dimba langa lija, ngakhale likanadyedwa lonse mokhulupirika, silikanalowa m'malo mwa chipatala.

"Mawa ndikutengerani kuchipatala," ndinatero.

"Ayi amayi, inu ayi. Dikirani."

Anasamba m'manja pampope, anakonza kolala, n'kulowa m'nyumba. Ine ndinatsatira mwakachetechete n'kuima m'kakhonde ka m'kati, pamene ndimatha kumva za pabalaza. Amuna anga anali atasamukira pampando wawo, akudikira chimphepo chochokera kwa ine. M'malo mwake anaona madala akunjuta pambali pa mpando.

"Abwana, ndili ndi pempho."

"Nenani madala. Ngati ndi za ntchito musadandaule, mayiwa ndilankhula nawo."

"Si za ntchito. Ndikudwala, abwana. Matenda a amuna." Anafotokoza monga anandifotokozera ine. "Ndikupempha mundiperekeze kuchipatala."

"Aaa, pepani madala. Bwanji osanena kale? Mayi akutengerani mawa."

"Za amuna izi, abwana, amayi sangandiperekeze. Ndiponso ine chizungu cha kuchipatala sindimva. Ndamvanso kuti mayezedwe ake ndi ochititsa manyazi, ndiye ndikuopa."

Ndinamva amuna anga akukonza pakhosi. Kenako, ndi mawu aja ankalankhulira kuofesi, anati, "Kuopa chiyani madala, munthu wamkulu ngati inu? Palibe choopsa pamenepo. Ndi zinthu zazing'ono zimenezo, madokotala amaona anthu ambirimbiri."

Ndinadziluma chala kuti ndisaseke. Miyezi isanu ine ndikunena mawu omwewo.

"Zikomo abwana, mwandilimbitsa mtima," anatero madala. "Ndiye mukalowe ndinu poyamba, ine ndikaone kuti munthu amatulukamo bwinobwino. Mukatuluka, ine ndilowa."

Amuna anga akanatha kundikanira ine mpaka kumanda, ndine mkazi wawo, anazolowera. Koma kuvomera pamaso pa wantchito wawo, bambo wodwala amene wanjuta pansi kupempha, kuti bwana ndi amene akuopa kwambiri, zimenezo sakanatha. Ndinamva mpando ukulira.

"Lachisanu," anatero amuna anga. "Muvale bwino, tinyamuka m'mawa."

Mpaka lero sindidziwa ngati madala anaziganiza ali pasitepe paja kapena zinangobwera. Sindinawafunse. Lachisanu ananyamukadi awiriwo, madala atavala jekete lawo la kutchalitchi, atakhala kutsogolo. Ine anandikaniza, ndipo sindinakakamire. Ndinapita kuntchito n'kukhala tsiku lonse ndikuyang'ana foni. Atabwera madzulo amuna anga anangoti, "Anayamba n'kutenga magazi. Zinazo ndi kanthawi kochepa." Sindinafunse kuti anawayeza ndi ndani, koma pa kapepala ndinaona kuti anali mayi wochepa thupi yemwe uja.

Za madala zinatuluka msanga. Kachiwalo kaja kanangokula ndi ukalamba n'kumapana njira ya mkodzo, sinali khansa. Anawapatsa mapiritsi, ndipo patatha masabata angapo anandiuza, akuyang'ana kumbali, kuti zinthu zayamba kuyenda. Za amuna anga, amene sankamva kupweteka paliponse, ndi zimene zinavuta. Magazi anaonetsa zokayikitsa. Anawaitananso kukatapa kanyama koti akakaunike, n'kutiuza kuti tidikire.

Tili m'kudikira momwemo alamu anamwalira. Tinakawaika kumudzi. Pamaliro, akuluakulu atakhala pansi pa mtengo, anthu anayambanso zija zoti banja lino alipo akulilodza. Ine ndinali kwa azimayi, koma ndinamva amuna anga akuyankha mokweza kuti achimwene afa ndi khansa ya pulositeti, ndipo mwamuna aliyense wa magazi awo amene tsitsi layamba kuyera apite akayezetse. Ena anaseka chamumtima, ena anayang'ana pansi. Titabwerera kunyumba, ndiwo zinasintha popanda ine kukalipa. Madala ankaphika masamba ndi nyemba za nyumba yonse, mphika umodzi, ife ndi iwo ndi alonda, ndipo nyama ikakhalapo inkakhala ya tonse, yochepa. Amuna anga ankadandaulabe, koma ankadya. M'mawa anayamba kuzungulira dera lathu wapansi.

Tsiku la zotsatira ndinapita nawo, ndipo ulendo uno sanandikanize. Dokotala anatsegula faelo n'kunena mosazungulira monga mwa khalidwe lake. Khansa ilipo. Ndi yaing'ono, sinatuluke m'kachiwalomo, mafupa ali bwino. Anafotokoza njira za chithandizo zimene zilipo, n'kutipatsa tsiku loti tidzakumane ndi dokotala wa opaleshoni.

Ine ndinafunsa funso limene linkandidya. Ndinati kodi nyama ija ndi imene yachita zimenezi, ndipo akanadya masamba miyezi isanu ija zikanasintha? Anapukusa mutu. Anati palibe angaloze mbale imodzi n'kunena kuti ndi iyi, ndipo kudya bwino apitirize chifukwa thupi lopepuka limapirira bwino chithandizo. "Koma chimene chawathandiza n'chakuti abwera," anatero. "Akanadikira mpaka kumva kupweteka, bwenzi tikukamba nkhani ina."

Tinatuluka. Kunja kunali dzuwa, anthu akugulitsa nthochi pageti ngati tsiku lina lililonse. Tinalowa m'galimoto, amuna anga anaika kiyi, koma sanalize. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, akuyang'ana khoma la chipatala. Ndinaganiza kuti akuopa opaleshoni, ndiye ndinayamba kuwauza kuti tilimba, tidutsa, ana tiwauza madzulo ano.

"Si zimenezo, mayi," anatero. "Achimwene anandiuzapo. Zaka zitatu zapitazo, tili pa kanyenya, anati mkodzo ukuwavuta. Ine ndinaseka, ndinati mwakalamba, onjezerani nyama. Anafuna wowaperekeza, mayi. Ine ndinaseka."

Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a mayi awo. Analira pamenepo, pamalo oimika magalimoto, mapewa akugwedezeka. Sindinawatonthoze ndi mabodza oti sizikanasintha kanthu, chifukwa tonse tinkadziwa. Ndinawasiya alire mpaka anatopa.

Kenako ndinatsika, ndinazungulira, ndinatsegula chitseko cha mbali yawo.

"Sunthirani uko, bambo. Ndiyendetsa ndine. Mng'ono wanu uja wa ku Area 13 sanayezetse, ndipo tidzera konko tisanapite kunyumba."

Anasuntha, anapukuta m'maso ndi mkono wa shati, n'kutulutsa foni kuti amuuze kuti asachoke.